Chipale, matope ndi nkhonya pa Daytona 500 ya 1979

Mukafunsa munthu wachikulire wokonda NASCAR kuti mipikisano ya magalimotoyi inkakoma liti, kawirikawiri amakutchulirani tsiku limodzi, Lamlungu la pa 18 February 1979. Tsikuli wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa Daytona 500 yonse ikuchitika, kuyambira pamene mbendera inagwa mpaka galimoto yoyamba kudutsa mzere womaliza. Mpikisano wa mamailosi 500 unali usanaonetsedwepo chotero pa kanema wofika dziko lonse la America. Anthu amene amadandaula kuti makampani a kanema anawononga masewerawa ndi omwenso amalisunga tsikuli ngati chuma, pamene ndi tsiku limene kanemayo analowerera.

NASCAR inabadwira kum'mwera chakum'mawa kwa United States, m'zigawo za North Carolina, Georgia, Virginia ndi zoyandikana nazo, ndipo mizu yake ili mumowa wotcheza mobisa. Boma linaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, koma lamulolo litachotsedwa anthu a m'mapiri anapitirizabe kutcheza kachasu wawo wa chimanga pozemba msonkho. Mowawo unkatsika kumapiri usiku. Galimoto yonyamula inkayenera kuoneka wamba kuti apolisi asaikayikire, koma amakaniki ankaigwira m'kati: injini kuiwonjezera mphamvu, mpando wakumbuyo kuuchotsa, masipuling'i akumbuyo kuwalimbitsa kuti ikasenza zigubu isagwade n'kudziulula yokha. Madalaivala otere akakhala opanda katundu ankayesana liwiro m'mabwalo a fumbi.

Vuto linali ndalama. Okonza mipikisano ena ankathawa ndi ndalama za pageti mpikisano uli m'kati, ndipo bwalo lililonse linali ndi malamulo ake. Makaniki wina wa ku Daytona Beach m'chigawo cha Florida, Bill France, anaitanitsa madalaivala, amakaniki ndi eni mabwalo ku Streamline Hotel pa 14 December 1947, ndipo bungwe la NASCAR linalembetsedwa mu February 1948. Mfundo yake inali yoti anthu azipikisana pa magalimoto ofanana ndi amene munthu angagule kwa wogulitsa, n'chifukwa chake dzina loti stock car. Mpikisano woyamba wa magalimoto oterewa unachitikira ku Charlotte pa 19 June 1949, pabwalo la fumbi. Glenn Dunaway ndiye anafika koyamba, koma oyendera atalowa pansi pa Ford yake anapeza masipuling'i akumbuyo osinthidwa monga ankachitira onyamula mowa. Anamulanda chipambano n'kuchipereka kwa Jim Roper.

Ku Daytona ankathamanga theka pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, theka pamsewu wa tala, mpaka 1958. Chaka chotsatira France anatsegula Daytona International Speedway, bwalo la mamailosi 2.5, omwe ndi makilomita 4, lokhala ndi makona opendekeka madigiri 31. Kupendekekako n'kumene kumalola dalaivala kulowa pakona osachotsa phazi pa mafuta. Kuzungulira ka 200 ndiye mamailosi 500, kapena makilomita pafupifupi 805. Daytona 500 yoyamba, ya 1959, inatha magalimoto ali m'mbali m'mbali, ndipo oweruza analengeza Johnny Beauchamp. Patapita masiku atatu France akuunika zithunzi ndi mafilimu a atolankhani, anasintha n'kupereka chikho kwa Lee Petty, bambo ake a Richard Petty.

Pabwalo lalitali chonchi panatulukira chinthu chimene sichinkaoneka m'mabwalo a fumbi. Galimoto ikamathamanga kwambiri, mphamvu yochuluka ya injini imathera kukankha mpweya. Yakutsogolo imang'amba mpweyawo n'kusiya kumbuyo kwake malo amene mpweya sulimba. Ina ikamamatira kumbuyo kwenikweni, imathamanga liwiro lomwelo dalaivala asanapondereze mafuta onse, ndipo yakutsogolonso imapepukidwa chifukwa mpweya wozungulirazungulira kumbuyo kwake, womwe umaikoka, umachepa. Magalimoto awiri otsatana motero amathamanga kuposa imodzi yokha. Kumeneko amati drafting, ndipo amene anayamba kupindula nako ndi Junior Johnson wa ku Wilkes County, yemwe anakhalapo m'ndende miyezi 11 atagwidwa pamalo otchezera mowa a bambo ake. Mu 1960 Chevrolet yake inkaperewera liwiro poyerekeza ndi ma Pontiac, koma anawina Daytona 500 pomamatira kumbuyo kwawo.

Pa luso limeneli panabadwa lina, lotchedwa slingshot, ngati legeni. Wakumbuyo amasiya kampata pang'ono potuluka pakona, kenako amapondereza mafuta onse ali m'malo opepuka aja, liwiro lake n'kuposa la wakutsogolo, ndiye amapatukira pambali n'kudutsa. Akapatuka msanga, mpweya umamumenya pamphumi asanadutse ndipo mnzakeyo amapeza nthawi yomubwezera. Akachedwa, mzere womaliza umamupeza ali kumbuyo. M'zaka zimenezo madalaivala ambiri ankakonda kuyamba ulendo womaliza wozungulira bwalo ku Daytona ali achiwiri kusiyana ndi kutsogola.

Zonsezi anthu ambiri ankazimva ndi makutu. Mu 1970 France anakhazikitsa wailesi ya Motor Racing Network pamodzi ndi Ken Squier, mwana wa mwini wailesi ya ku Vermont, ndipo mawu a Barney Hall anadzakhala ngati a m'banja m'makomo ambiri a kum'mwera. Munthu mmodzi sangaone bwino bwalo la makilomita 4, choncho ankaika olengeza pansanja za m'makona, aliyense n'kumalandira gulu la magalimoto likafika mbali yake n'kulipereka kwa mnzake, mawu akukwera ndi kutsika pamodzi ndi phokoso la injini. Mpaka lero pali anthu amene amatsitsa mawu a kanema n'kutsegula wailesi.

Akanema ankachita mphwayi, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Mpikisano wa mamailosi 500 umadya maola pafupifupi atatu kapena kuposa, ndipo palibe angalonjeze nthawi yothera. Matayala a magalimotowa analibe mizere yotayira madzi, motero mvula ikagwa zonse zinkaima, kanema n'kutsala ndi maola opanda choonetsa. Komanso akuluakulu a ku New York ankaona masewerawa ngati a anthu akumudzi a kum'mwera. ABC inkadula zidutswa n'kuzilowetsa m'pulogalamu ya Wide World of Sports pakati pa masewera ena, nthawi zina patapita masiku. Inaonetsapo wonse mpikisano waufupi wa ku Greenville mu 1971, ndipo kuyambira 1974 inkalowa Daytona 500 ili kale chakumapeto. Ndi mmene anthu anaonera za 1976, pamene Richard Petty ndi David Pearson anagundana atatsala pang'ono kufika. Injini ya Petty inazima ali pa udzu. Pearson anaponda kilatchi galimoto ikuzungulira, injini yake sinazime, ndipo anakwawa nayo mpaka kudutsa mzere.

Ndalama zazikulu zinali zitalowa kale kudzera khomo lina. Kumayambiriro kwa 1971 boma linaletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema, kampani ya R.J. Reynolds n'kutsala ndi ndalama zotsatsira zopanda kopita. Junior Johnson anapita kukapempha thandizo la timu yake, koma ataona kukula kwa thumbalo anawalozera kwa France. Ndimo munachokera dzina la mipikisano ikuluikulu ya NASCAR la Winston Cup, potengera ndudu za kampaniyo za Winston, lomwe linakhala mpaka 2003. Mu 1972 mipikisano ya pachaka inatsitsidwa kuchoka pa 48 kufika pa 31, ndipo mabwalo ang'onoang'ono ambiri anagwa m'njira.

Squier ndiye analimbikira kunyengerera CBS. Mpikisano wa 1979 uja utayandikira, Loweruka usiku mvula inagwa ku Daytona, ndipo Lamlungu tala anali wonyowabe. Pofuna kuti nthawi ya kanema isapite pachabe, akuluakulu anayambitsa mpikisano magalimoto akuyenda pang'onopang'ono kwa maulendo 15 oyambirira, maulendowo akuwerengedwa, kuti kutentha kwa matayala ndi injini kuumitse msewu. Tala anauma, koma udzu wa m'kati mwa bwalo unatsala thapsa, matope okhaokha. Uku kumpoto, chipale chofewa chinali chitakwirira mizinda ya kum'mawa, Washington ndi Baltimore ndi ina, anthu osatuluka m'nyumba, ndipo makomo ambiri ankangogwira mawailesi a kanema atatu akuluakulu. Anthu amene anali asanaonepo stock car anapezeka akuonera chifukwa chosowa kopita.

Squier ankalengeza ndi David Hobbs wa ku Britain, pamene Ned Jarrett ndi Brock Yates anali pansi pamalo osinthira matayala ndi kuthira mafuta. CBS inamangirira kamera m'galimoto ya Benny Parsons, anthu n'kuona koyamba mmene khoma limathamangira pambali pa dalaivala. Buddy Baker, yemwe anayambira kutsogolo atathamanga mamailosi 196 pa ola poyeserera, sanapite patali, galimoto inamukana. Mnyamata wina wongoyamba kumene, Dale Earnhardt, anatsogolako maulendo angapo n'kumaliza pa nambala 8.

Chakumayambiriro, Donnie Allison, mkulu wake Bobby Allison ndi Cale Yarborough anakhudzana potuluka pakona yachiwiri, onse atatu n'kutsetserekera m'matope muja. Anatsalira, Yarborough ndi maulendo angapo athunthu. Masiku amenewo mbendera yachikasu yochenjeza za ngozi ikatuluka madalaivala ankathamangabe mpaka pamzere, ndiye wotsalira akadutsa wotsogola asanafike pamzerepo ankabweza ulendo umodzi. Yarborough, pa Oldsmobile nambala 11 ya timu ya Junior Johnson, anabweza maulendo ake motero, ndipo pofika kumapeto anali atamamatira kumbuyo kwa Oldsmobile nambala 1 ya Donnie, awiriwo atasiya ena onse pafupifupi theka la bwalo.

Ulendo womaliza, potuluka pakona yachiwiri, Yarborough anapatukira kumanzere kuti adutsire m'kati. Donnie anatsika kumutsekera. Yarborough sanabweze phazi, ndipo matayala ake akumanzere anatsika patala n'kuponda udzu wonyowa. Pa liwiro la makilomita oposa 300 pa ola, matayala osalala akagwira tala mbali imodzi pamene mbali ina ikuterera, chiwongolero chimasiya kumvera. Galimoto inabwerera pamsewu n'kumenya ya Donnie m'nthiti, anagundanso, kenako anakolana n'kukwera limodzi mpaka kukhoma la kona yachitatu, n'kutsetsereka kukaima m'matope.

Makamera anasakasaka amene anali wachitatu. Anali Richard Petty, yemwe anali atachitidwa opaleshoni ya m'mimba miyezi yochepa m'mbuyomo ndipo anali atatha mipikisano 45 osawina. Darrell Waltrip ndi A.J. Foyt anali kumbuyo kwake. Waltrip anayesa kudutsa koma Petty anamutsekera, n'kuwina Daytona 500 yake yachisanu ndi chimodzi. Petty akupita kokalandira chikho, Squier anafuula kuti kwabuka ndewu. Bobby Allison anali ataima pamalo a ngoziyo kuti aone mng'ono wake, anasinthana mawu ndi Yarborough, Yarborough n'kumumenya ndi chipewa chake cholimba kudzera pawindo. Bobby anatuluka, ndipo dziko lonse linaona amuna atatu ovala maovolosi akugwetsana m'matope. Anthu pafupifupi 15 miliyoni anaonera, ndipo NASCAR inawalipiritsa atatuwo madola 6,000 aliyense, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi malonda amene ndewuyo inawabweretsera.

Zaka 20 zotsatira ndi zimene okonda masewerawa amazilira kwenikweni. ESPN inayamba kuonetsa mipikisano mu 1981, kenako TBS ndi TNN, ndipo bwalo lililonse linkagulitsa lokha mpikisano wake, motero sabata iliyonse munthu ankasaka kuti lero uli pati. Olengeza ambiri anali madalaivala opuma, olankhula ngati ali pakhonde. Mu 1993 Ned Jarrett anaiwala zoti wolengeza sakondera, n'kumalangiza mwana wake Dale Jarrett pa CBS ulendo wonse womaliza mpaka kumugonjetsa Earnhardt. Mu 1998 Earnhardt atawina Daytona 500 poyesa kwake kwa 20, amakaniki a matimu onse anandanda kumugwira chanza.

Liwiro lokha silinapitirire. Mu 1987 Bill Elliott anathamanga mamailosi 212.809 pa ola kubwalo la Talladega, ndipo pa mpikisano womwewo tayala la Bobby Allison linaphulika, galimoto n'kuuluka kukang'amba waya wotchinga oonerera. Kuyambira 1988, ku Daytona ndi ku Talladega anayamba kuika kachitsulo ka mabowo anayi pansi pa kabuleta kochepetsa mpweya ndi mafuta olowa mu injini. Mphamvu zitachepa, magalimoto anayamba kuyenda mumulu umodzi, ndipo slingshot ya munthu mmodzi payekha inasowa, wodutsa n'kumadalira womukankha kumbuyo.

NASCAR inasonkhanitsa mipikisano yonse ya kuyambira mu 2001 n'kuigulitsa pamodzi kwa Fox, NBC ndi TNT pa madola 2.4 biliyoni kwa zaka 6, CBS n'kutsala panja. Daytona 500 yoyamba ya Fox inagwanso pa 18 February. Darrell Waltrip, tsopano ali wolengeza, ankachemerera mng'ono wake Michael akuwina, pamene Earnhardt anagunda khoma pakona yachinayi ulendo womaliza n'kumwalira. Chaka chisanathe, chida chogwira mutu ndi khosi chinakhala lamulo kwa dalaivala aliyense, ndipo makoma ofewetsa kugunda anatsatira.

Za atatu a m'matope aja, pa mpikisano wotsatira ku Rockingham Donnie ndi Yarborough anagundananso chakumayambiriro, Bobby n'kuwina. Yarborough anadzawinanso Daytona 500 mu 1983 ndi 1984, maulendo onse awiri podutsa ndi slingshot yomwe ija pa ulendo womaliza, ndipo mu 1983 kamera ya CBS inali m'galimoto mwake. Donnie Allison, yemwe anatsala mtunda wosakwana makilomita awiri kuti atenge chikho cha 1979, sanawinenso mpikisano wina uliwonse wa Winston Cup.