Chimene chimakalamba m'kompyuta yanu

Anthu ambiri obwera kudzakonzetsa laputopu amafika atagamula kale kuti yakalamba, yofunika kugula ina. Kawirikawiri ndimawaletsa. Kompyuta sikalamba yonse pakamodzi. Purosesa, ubongo wa kompyuta, imatha zaka 10 kapena kuposerapo ili bwinobwino. Zimene zimafooka msanga ndi zipangizo zing'onozing'ono zotchipa, ndipo chimazipha kwambiri ndi kutentha.

Muno mu Harare, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limakhala losaneneka, makamaka kwathu ku Mufakose, Mbare ndi Mabvuku. Fani imakoka mpweya ndi fumbilo limodzi. Mukatsegula laputopu imene sinapukutidwepo kwa zaka zitatu, potulukira mpweya mumapeza fumbi litaumbana ngati kabulangete, pomwe thermal paste, phala lopaka pamwamba pa purosesa, itauma gwa. Makinawo amayamba kuphika okha. Ma capacitor ena, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi, ali ndi timadzi m'kati timene timauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona munthu atakhazika laputopu pabedi masana a mwezi wa Okutobala.

Batire ya lithium-ion imachepa mphamvu ikatchajidwa kambirimbiri, palibe chodabwitsa. Koma mukaona touchpad, poyendetsa chala paja, ikutukuka, batire yafufuma; isiyeni kuitchaja, ichotsedwe tsiku lomwelo chifukwa imatha kuyaka. Deti ikamangosokonekera, kawirikawiri ndi kabatire kakang'ono koyendetsa wotchi ya kompyuta, monga ka CR2032, chabe.

Chimene ndimachiopa ndi hard disk, chipangizo chosunga mafailo anu. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pafupi kwambiri ndi timbaleto. Kugwedezeka, kugwa, ndi kuzimazima kwa magetsi kumene tonse tikukudziwa, zonsezi zimasiya mabala. Ambirife timagula makina a ex-UK (ogwiritsidwapo kale ntchito ku UK) m'tauni, ooneka atsopano kunja koma disiki yake itagwira kale ntchito kwa zaka mu ofesi ya kutsidya kwa nyanja. Musanalipire, pemphani wogulitsa atsegule pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo: imaonetsa maola amene disikiyo yayenda, komanso ngati mbali zina zayamba kuwonongeka. Kuika SSD, chosungira mafailo chopanda timbale tozungulira, kumaipatsa liwiro kompyuta yakale, koma dziwani kuti SSD ikamafa nthawi zambiri sichenjeza. Hard disk nthawi zina imayamba yalira kaye kuti tiki tiki. Zithunzi za ana, masatifiketi ndi mabuku a bizinesi zikhale pamalo awiri, lero lomwe.

Pali ukalamba winanso wosaoneka ndi maso. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa mwapadera, ndipo Windows 11, pa makina a purosesa ya Intel, imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makina akale kuposa pamenepo musawataye ayi. Mukawaikira Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, mwana wasukulu amalemberapo ndi kufufuza pa intaneti popanda vuto.