Umoyo wa ma gamekeeper ndi mabanja ogwira ntchito m'ma esiteti ku Britain: mafunso omwe akutichulukira

Chiyambireni sizoni yosaka mbalame za ma pheasant pa 1 October foni yathu sikupuma, ndipo mafunso ake ndi omwewomwewo, ena mpaka kutikalipira ngati malamulowa tinalemba ndife. Ndiye tati tingoyankhira pamodzi. Tinene kaye, ife ndi ongodzipereka, si madokotala komanso si maloya.

Kodi gamekeeper ndi ndani?

Ndi munthu wolembedwa ntchito pa esiteti kuti azisamalira mbalame ndi nyama zosaka, ma pheasant, ma grouse, agwape.

Ndikauza GP (dokotala wa pa kiliniki yomwe ndinalembetsa) kuti ndili ndi nkhawa kapena sindikugona, andilanda laisensi ya mfuti?

Ili nde funso lomwe likutisowetsa tulo, ndipo amene amafunsa kwambiri ndi azimayi, kufunsira amuna awo omwe akukana kupita kuchipatala. Yankho lachidule palibe. Kuyambira November 2021, ku England, Scotland ndi Wales munthu akamapempha kapena kukonzanso laisensi ya mfuti amayenera kupereka fomu yodzazidwa ndi dokotala, ndipo mu failo yanu ya kwa GP mumaikidwa chizindikiro choti muli ndi mfuti. Ndiye inde, GP atha kudziwitsa apolisi ngati akuona kuti pali choopsa. Koma olanda kapena kusiya laisensi ndi apolisi osati dokotala, ndipo amayenera kuona nkhani ya munthu aliyense payekha, sikuti wina akangopatsidwa mankhwala a depression basi mfuti yapita ayi.

Kodi tingakulonjezeni kuti sadzakhudza? Ayi, sitingalonjeze, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akukunamizani. Nthawi zina apolisi amapempha kuti mfuti zikasungidwe kwina kaye mpaka munthu apeze bwino, ndipo tikudziwa kuti kwa gamekeeper mfuti ndiye khasu lake, popanda iyo ntchito imavuta, ntchito ikatha nyumba ya pa esiteti nayo imapita. Mantha amenewo sitikuwapeputsa. Komabe maganizo athu ndi oti kubisa matenda n'koopsa kuposa kuwanena, chifukwa kunama pa fomu ya laisensi ndi mulandu pawokha, komanso munthu amene akungodzitsekera yekha kutchire ndi mfuti pambali ndi amene timamuopera kwambiri. Ngati kwa GP kukuopsa, yambani mwayankhula ndi a bungwe la Gamekeepers' Welfare Trust pa foni yawo yotchedwa Jamie's Helpline, amenewa amaidziwa ntchitoyi. Fomu ya dokotala ija imalipiridwa, si ya NHS (chithandizo cha zaumoyo cha boma), mtengo umasiyana kiliniki ndi kiliniki, chonde musatifunse ife kuti bwanji.

Mabungwe othandiza ndi ati kwenikweni?

Gamekeepers' Welfare Trust, yomwe inayamba mu 1992, imathandiza ma gamekeeper, ma stalker (osaka agwape), ma ghillie (operekeza alendo kokasaka kapena kokawedza nsomba) ndi mabanja awo. Kwa ogwira ntchito m'mafamu kuli RABI ku England ndi Wales, RSABI ku Scotland, komanso Farming Community Network.

Inuyo mumapereka ndalama?

Ayi. Timangolozera ndi kuthandiza kudzaza mafomu. Mabungwe tatchulawa nthawi zina amathandiza pa mavuto a zachuma koma amaona okha amene akuyenera, amafunsa ntchito yomwe mumagwira ndi momwe ndalama zikulowera pakhomo, ndiye wina akakanidwa asamati ndife tamutchinga. A visa yolembedwa no recourse to public funds (yoletsa kulandira ndalama zina za thandizo la boma) ambiri akuopa ngakhale kupita kwa GP, komatu NHS siili m'gulu la public funds, kulembetsa kwa GP ndi kwaulere. Za thandizo lina lililonse funsani kaye mlangizi wa immigration wovomerezeka musanasaine.

Nkhupakupa yandiluma, ndipite kuchipatala?

Ichotseni msanga ndi tweezers, kugwira pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono molunjika, osaiwotcha ndi ndudu kapena kuipaka Vaseline. Choopa ndi matenda a Lyme. Chizindikiro chake ndi chibanga chozungulira chomwe chimakulirakulira, nthawi zambiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata 4 koma chitha kutuluka mpaka miyezi 3. Pa khungu lathu lakudali chibangacho sichifiira ngati pa zithunzi za m'mapepala achipatala, chimatha kungooneka ngati malo omwe munagunda penapake, ndiye mukamva kuphwanya thupi, kutentha, mutu, uzani GP kuti mumagwira ntchito kutchire. Mankhwala ake ndi ma antibiotic. Chimodzimodzi amene mumagwira makoswe kapena kulowa m'madzi oima, tchulani za Weil's disease, matenda ofalikira kudzera mu mkodzo wa makoswe.

Ntchito ikatha mu February potseka sizoni, atitulutsa m'nyumba tsiku lomwelo?

Zimatengera zomwe zili mu kontilakiti komanso ngati muli ku England kapena Scotland. Musapakire katundu chifukwa cha mawu apakamwa, pitani ku mabungwe opereka malangizo a Shelter kapena Citizens Advice ndi mapepala onse.

Kodi zomwe ndakuuzani mumasunga chinsinsi?

Eya, sitiuza bwana wanu kapena anzanu akutchalitchi. Pokhapokha moyo wa munthu uli pachiswe.

Nanga bwanji simuyankha foni usiku?

Zoona, madandaulo amenewa tawamva, koma ndife ochepa ndipo tonse tili ndi mashifiti athu. Usiku imbani 111 pa za matenda, a Samaritans (omvetsera anthu ovutika maganizo) pa 116 123 ulere nthawi ina iliyonse, ndipo ngati wina wanena zodzipha ndipo m'nyumbamo muli mfuti, imbani 999, musadikire ife.