Pobwerera ku ofesi mliri usanathe, yambani ndi mazenera

M'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa COVID-19, pakhomo la ofesi iliyonse ku Chipata pamakhala ndowa ya mpopi, sopo, ndi mlonda wonyamula kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Mukalowa m'kati mumapeza anthu asanu ndi mmodzi atathithikana m'chipinda chimodzi, mazenera ali chitsekere kuopa fumbi, masiki ali pachibwano. Ndalama zinkathera pakhomo pomwe matenda ankapatsirana m'katimo.

Kachilombo ka COVID-19, kamene kanapezeka koyamba mu Zambia pa 18 March 2020, kamayenda kwambiri ndi mpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Timadontho tikuluikulu timagwa pafupi, pamtunda wa mita imodzi kapena ziwiri. Tating'ono kwambiri timayandama ngati utsi wa fodya, ndipo m'chipinda chotseka timachulukirachulukira pamene nthawi ikupita. N'chifukwa chake kutalikitsa madesiki kokha sikukwanira. Amene wakhala pakona, kutali ndi wodwala, akhoza kutengabe matenda ngati onse akupuma mpweya umodzimodzi kuyambira 8 koloko mpaka madzulo. Chimfine chachikulu ndi TB nazonso zimakonda chipinda chotere.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'malo ngati maofesi muzilowa mpweya wakunja wokwana malita 10 pa sekondi kwa munthu aliyense. Tiyeni tiwerengere chipinda cha mamita 5 m'litali, 4 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba. Anthu asanu ndi mmodzi akufunika malita 60 pa sekondi, kutanthauza kuti mpweya wonse wa m'chipindamo uyenera kusinthika katatu kapena kanayi pa ola. Zenera limodzi lotsegula pang'ono silingathe ntchito imeneyi. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho tsegulani zenera mbali ino ndi chitseko kapena zenera lina mbali inayo. Yang'anani kabati ya mafayelo imene yatchinga zenera, zenera limene linamatirira ndi penti, ndi timabowo ta pamwamba pa khoma timene wina anatseka ndi nyuzipepala. Kukonza zimenezi kumangofuna kalipentala ndi tsiku limodzi.

Kuti mudziwe ngati mpweya ukusinthika, mphuno yanu ikuuzani. Wina akadyera kapenta m'chipindamo masana, fungo n'kumamvekabe ola litatha, dziwani kuti mpweya wa m'mapapo a anzanu nawonso ukadali momwemo. Ofesi imene ingakwanitse igule kachipangizo koyezera CO2, mpweya umene timatulutsa popuma. Panja kamawerenga pafupifupi 420. M'chipinda muli anthu, kakamawerenga pansi pa 800 zili bwino, koma kakapitirira 1,500 chepetsani anthu kapena tsegulani paliponse potseguka. Musakaike pazenera kapena pafupi ndi pakamwa pa munthu, chifukwa kadzakunamizani.

Makina oziziritsa opachika pakhoma aja amanyenga anthu ambiri. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, kuuziziritsa, n'kuubweza. Kuzizirako kumachititsa munthu kuganiza kuti mpweya ndi watsopano pamene ndi womwe uja. Ngati mukuwayatsa m'mwezi wa October, siyani zenera lotsegula ngakhale bilu ya malaiti ikwereko. Fani ya kudenga m'chipinda chotseka imangotakasa. Fani yoimika imagwira ntchito yeniyeni mukaiika pazenera itayang'ana kunja, kuti izitulutsa mpweya wakale pamene watsopano ukulowera pakhomo. Isamaombe kuchokera pankhope ya munthu mmodzi kupita kwa mnzake. Ndipo poti malaiti amathima, dongosolo lodalira fani lokha limagwa tsiku lomwelo.

Nthawi yovuta ndi June ndi July. Funde lachitatu la mliriwu, la mtundu wa Delta, linakantha Zambia m'miyezi yozizira imeneyi mu 2021. Kukazizira aliyense amatseka zenera. Ngati anthu sangapirire mphepo tsiku lonse, tsegulani mazenera onse ndi chitseko kwa mphindi khumi ola lililonse. Kunja kukazizira kuposa m'kati, mpweya umasinthana msanga. Sankhani munthu mmodzi woyang'anira zimenezi, apo ayi aliyense adzadikira mnzake. Lolaninso anthu kuvala majuzi ndi zipewa pa desiki.

Kamfuti ka pakhomo kaja musakadalire. Kamayeza khungu, ndiye amene wapalasa njinga m'mamawa wa June kamamupeza wozizira ngakhale ali ndi malungo, ndipo amene wamwa Panadol amadutsa bwinobwino. Choposa apo, munthu amayamba kupatsira anzake masiku awiri asanamve chilichonse m'thupi, ndipo ena sadwala n'komwe.

Masiki amathandiza akakhala ogwira bwino kumaso. Ya chitenje ikhale ya nsalu zitatu zophatikiza, ndipo ikanyowa ndi thukuta kapena mpweya isinthidwe, choncho munthu anyamule ziwiri patsiku. Madzulo ichapidwe ndi sopo, iume, isitidwe. Magalasi a maso akamachita nthunzi ndiye kuti mpweya ukuthawira pamphuno, pindani kawaya kapena mangitsani zingwe. Olandira alendo ndi ogwira ntchito pakauntala, amene amayang'anizana ndi anthu ambirimbiri, ena ochokera ku Malawi kudzera pa malire a Mwami, apatsidwe masiki yosefa kwambiri ya N95 ngati ilipo. Masiki okhala ndi kavavu kotulutsira mpweya amateteza wovala yekha, anzake ayi.

Ofesi zambiri zimasamala pa desiki n'kutayirira nthawi ya nkhomaliro. Masiki avulidwa, anthu akhala moyang'anizana m'kakhitchini kopanda zenera, nkhani za mpira zili m'kamwa. Kudya kuchitikire panja, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu asapume onse nthawi imodzi. Posamba m'manja thirani madzi kuchokera m'jagi, beseni limodzi losambamo onse lija lisiyeni. Sopo akhale m'manja masekondi osachepera 20. Sanitaiza ikhale ya mowa wosachepera 60 peresenti, werengani pabotolo.

Motoka ya ofesi ndi chipinda chaching'ono kuposa zonse. Ulendo wa ku Lundazi kapena ku Petauke ndi maola angapo anthu atagundana mapewa. Dalaivala azimitse batani lozungulitsa mpweya wa m'kati, lija lojambulidwa galimoto yokhala ndi muvi wokhota, atsitse magalasi awiri pang'ono, limodzi kutsogolo lina kumbuyo mbali inayo, ndipo onse avale masiki. Chepetsani okwera ngakhale pafunike maulendo awiri. Misonkhano nayo ifupike, ndipo ya anthu ambiri ichitikire panja kapena pafoni.

Za kupukuta, pamafunika muyezo. Jik wamba amakhala wa mphamvu ya 3.5 peresenti, ndipo wopukutira matebulo, zogwirira zitseko ndi mipopi amafunika 0.1 peresenti. Ndiye kuti gawo limodzi la Jik pa magawo 34 a madzi, kapena kuti mamililita pafupifupi 300 m'ndowa ya malita 10. Yambani mwatsuka ndi sopo, chifukwa litsiro limapha mphamvu ya mankhwalawa, kenaka pukutani n'kusiya ponyowa kwa mphindi imodzi. Sungunulani watsopano tsiku lililonse ndipo musamusiye padzuwa. Kuthira wambiri sikuwonjezera chitetezo, kumangowotcha manja a oyeretsa ndi kudyetsa zitsulo dzimbiri. Musasakanize Jik ndi mankhwala otsukira chimbudzi, mpweya wotuluka pamenepo umavulaza mapapo. Mafoni ndi makompyuta apukutidwe ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti ya 70 peresenti. Kupopera anthu mankhwala pakhomo WHO inaletsa, ndipo kupopera ofesi yonse Loweruka n'kutsekanso mazenera Lolemba ndi kutaya ndalama.

Anthu asabwerere onse tsiku limodzi. Agaweni m'magulu awiri osasakanikirana, lina sabata ino lina sabata yamawa, kuti wina akadwala gulu linalo lipitirize ntchito. Opitirira zaka 60, amayi oyembekezera, odwala shuga kapena BP, ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka abwere pomalizira ndipo akhale pafupi ndi zenera. Bwana alandire nkhani zimenezi mwachinsinsi, osafunsa matenda a munthu pagulu. Katemera anayamba kuperekedwa mu Zambia mu April 2021. Amachepetsa kwambiri kudwala mwakayakaya ndi imfa, koma wobayidwa akhozabe kutenga ndi kupatsira, choncho mazenera asatsekedwe poti onse ali ndi makhadi a katemera.

Chimene chimagwetsa madongosolo ambiri ndi mantha a malipiro. Mlonda kapena woyeretsa amene amadziwa kuti akajomba adulidwa ndalama amabwera akutsokomola, n'kunena kuti ndi fumbi chabe. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limapereka tchuthi cholipidwa kwa wodwala amene wabweretsa kalata ya kuchipatala. Oyang'anira anene poyera kuti wokhala kunyumba chifukwa cha chifuwa, malungo kapena zilonda zapakhosi sataya kalikonse, ndipo zimenezi zifike kwa aganyu omwe. Mu January 2023 WHO inalangiza masiku 10 odzipatula kwa amene ali ndi zizindikiro, kuwerengera kuyambira tsiku limene zinayamba, ndi masiku 5 kwa wopezeka ndi kachilombo koma osadwala. Pa mliri wina uliwonse masikuwa amasintha, ndiye tsatirani zimene Unduna wa Zaumoyo ndi ZNPHI, bungwe la boma loona za miliri, alengeza panthawiyo. Kuno kum'mawa kutentha thupi kumakhalanso malungo a udzudzu, choncho wodwala ayezetse zonse ziwiri. Wobanika popuma asagone kunyumba, apite kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo.

Wina akapezeka ndi kachilombo, funsani amene anakhala naye pafupi, mosapitirira mita imodzi kwa mphindi 15 kapena kuposa, kuyambira masiku awiri asanayambe kudwala. Onjezani amene anadya naye, anakwera naye motoka, kapena anagawana naye chipinda chotseka. Wochokera ku maliro, kumene anthu amachezera m'nyumba akuimba usiku wonse, musamuletse ntchito. Avale masiki yogwira bwino, adyere panja kwa sabata imodzi, ndipo akangomva kukanda pakhosi akayezetse asanalowe mu ofesi.