Mwana wa mphumu musamutsekere mawindo chonde

Mvula yayamba, ndipo kuchipatala tayambanso kuona ana otsokomola usiku onse, pachifuwa pakulira ngati kamphaka. Tikafunsa, mayi amati "ndi mphepo adokotala, mawindo ndatseka onse, pansi pa chitseko ndatsekanso ndi nsanza." Amayi, vuto likuyambira pomwepo.

Mmatiresi, mupilo ndi mmabulangete mumakhala kachilombo ka mufumbi, ka miyendo 8, kukula kwake pafupifupi 0.3 mm moti ndi maso simungakaone. Si nsikidzi ayi, sikaluma. Kamadya tikhungu touma toyoyoka pathupi pathu, ndipo ndowe zake mwana akazipumira ndi zimene zimadzutsa mphumu, kuyetsemula ndi kuyabwa maso. Madzi sikamwa, kamayamwa chinyezi cha mumpweya basi. Chinyezi chikafika 70 kapena 80 pa 100 ndiye kali pa ukwati, dzira limaswa nkufika pa kachilombo kakakulu pa mwezi umodzi, kakakazi nkuikiranso mazira ambirimbiri. Chinyezi chikatsika pansi pa 50 pa 100 kwa masiku ambiri kamauma nkufa.

Koma imvani apa. Ngakhale masana kuume bwanji, maola ochepa a chinyezi patsiku amakwana kuti kamwe nkupulumuka. Ndiye taganizani chipinda chotseka usiku onse, anthu anayi akupumiramo, thukuta likulowa mmatiresi, pachingwe mwayanika matewera ndi yunifomu yonyowa poti kunja kukugwa mvula, mmawa galasi la windo lili dontho dontho. Mwakaphikira nokha kachilomboko. Inu a ku Thyolo ndi Mulanje musaone ngati mvula ikatha mwapuma, chiperoni chimabweretsa zomwezi.

Tsegulani mawindo masana, usiku siyaniko kampata, neti ilipo yoteteza udzudzu. Zonyowa yanikani pakhonde. Dzuwa likangowala tulutsani matiresi ndi mapilo, mashiti chapani ndi madzi otentha ofika madigiri 60. Fumbi pukutani ndi nsalu yonyowa mwana ali panja. Kupopera Doom sikufika mkati mwa matiresi, mungomubanikitsa mwana.

Ndibwerezenso, kutseka mawindo si mankhwala. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, akulephera kuyamwa kapena kumaliza chiganizo, musadikire kuti kuche ndipo musayambe zomufukiza. Mupatseni inhela ngati ali nayo, mberekeni, thamangirani kuchipatala usiku omwewo.