Mphuno ya Dupuy de Lôme sinali yogundira

Sabata yathayi wina wanditumiziranso chithunzi chija. Sitima yankhondo ya ku France yotchedwa Dupuy de Lôme, mphuno yake yaitali yotsetserekera m'madzi ngati khasu la pulawo, ndipo pansi pake wina analemba kuti iyi ndi imene inkaboola zinzake ndi mphuno. Nkhani imeneyi ndaiyankha kambirimbiri, kwa anyamata ophunzira za injini ndi kwa akuluakulu omwe, mpaka malovu auma. Lero ndangoti ndilembe, wofunsanso ndizingomulozera pano.

Mphuno imeneyo sinali yogundira. Inalibe chitsulo chochindikala choiteteza, ndipo ikanati igunde sitima ina pa liwiro, ikanakwinyika ngati chitini chopondedwa ndi lole. Katswiri amene anajambula sitimayi, Louis de Bussy, anaika mizinga itatu kutsogolo, pafupi kwambiri ndi kumapeto. Mzinga ukalira, mpweya wotuluka kukamwa kwake umang'amba chilichonse chili pansi pake. Ndiye anadula deki ya kutsogoloko kuti pansi pa kamwa za mizinga pasakhale chowonongeka, komanso kuti kutsogoloko kupepuke. Koma m'madzi utali anausiya momwemo, chifukwa sitima yofuna liwiro imafuna thupi lalitali, ndipo kulemera kwa mizinga kumafuna choyandamitsa. Mukadula pamwamba n'kusiya pansi, chotsala ndi mphuno imene mukuionayo. Basi.

Sindikukudzudzulani kwambiri, chifukwa kugunda kunalipodi m'masiku amenewo. Mu 1866, pa nkhondo ya ku Lissa, sitima ya Austria yotchedwa Ferdinand Max inagunda Re d'Italia n'kuimiza, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake aliyense ankafuna nyanga kutsogolo kwa sitima yake. Nyanga zimenezo zinavulaza eni ake kuposa adani: mu June 1893 Camperdown inamiza inzake Victoria, zonse za Britain, anthu 358 n'kufa tsiku lopanda nkhondo. Koma zimenezo zinali sitima zazikulu zomenyana maso ndi maso. Dupuy de Lôme sanaimangire ntchito imeneyo.

Bodza lachiwiri limayenda limodzi ndi loyambalo: akuti inali cruiser (sitima yankhondo yothamanga, yoyenda maulendo ataliatali) yoyamba padziko lonse kuvala chitsulo. Ayi. Russia inali kale ndi General-Admiral, imene inalowa m'madzi mu 1873, ndipo Britain inali ndi Shannon mu 1875. Zimenezo zinali ndi lamba wachitsulo m'chiuno, pamene madzi amalekezera. Chatsopano pa Dupuy de Lôme chinali chakuti chitsulo cha mamilimita 100 chinakuta mbali yonse, kuchokera pansi pa madzi kukafika pa deki ya pamwamba, kutsogolo mpaka kumbuyo, kupatula mphuno ija. Ena anamanga lamba, iyi inavala mkanjo.

Chifukwa chake chinali mabomba. M'zaka za m'ma 1880 Afalansa anayamba kudzaza zipolopolo za mizinga ndi mélinite, onga wophulika mwaukali kuposa wakale uja. Mu 1886 anayesera pa sitima yawo yakale Belliqueuse, ndipo anaona kuti paliponse popanda chitsulo pankasanduka zinyenyeswazi. Nthawi yomweyo nduna ya asilikali a panyanja inali Admiral Théophile Aube, mtsogoleri wa maganizo otchedwa Jeune École. Iwowa ankati France singathe kupikisana ndi Britain pomanga sitima zikuluzikulu, bola kumanga zothamanga zokasaka sitima za malonda, mdaniyo afe ndi njala ndi ngongole. Sitima yotere iyenera kuthawa yoiposa mphamvu ndi kugonjetsa yoipeza. Ndiye anaipatsa mizinga iwiri ya mamilimita 194, umodzi mbali iyi wina mbali iyo, ndi isanu ndi umodzi ya mamilimita 164, uliwonse m'kanyumba kake kachitsulo kozungulira. Utali mamita 114, kupitirira Ilala ziwiri zitalumikizidwa, kulemera matani oposa 6,000, mapulopela atatu, liwiro lofunidwa makilomita 37 pa ola. Dzina anaitcha la Henri Dupuy de Lôme, katswiri amene anajambula La Gloire, sitima yankhondo yovala chitsulo imene inalowa m'madzi mu 1859.

Papepala palibe chodandaulitsa. Koma ine ndine munthu wa ku boyila, ndipo ndikaona chithunzi chija maso anga sapita ku mphuno. Amapita ku machumuni, chifukwa pansi pake ndi pamene panali matenda a sitimayi.

Anayamba kuimanga pa doko la Brest ku France mu July 1888, inalowa m'madzi pa 27 October 1890, ndipo mu 1892 inayamba kuyesedwa panyanja. Pa 20 June chaka chimenecho paipi ya mu boyila inaphulika, anthu 16 n'kupsa. Mabuku ambiri amailemba nkhaniyi mzere umodzi n'kudumphira ku mizinga. Ine sinditha kuidumpha.

Maboyila ake anali a mtundu umene moto umadutsa m'mapaipi, madzi ali kunja kwa mapaipiwo, m'chimgolo chachikulu. Kuti sitima ifike pa liwiro limene boma likufuna, ankatseka zitseko za chipinda cha moto n'kupopera mpweya m'katimo ndi mafani, moto ulilime kuposa chilengedwe chake. Moto wotere umapsereza nsonga za mapaipi, pamene alowera m'chitsulo chowagwira. Chitsulo chimafutukuka, chimanyala, chimafutukukanso, tsiku lina n'kulekerera. Vutoli silinali la Afalansa okha, a ku Britain nawonso analira nalo m'zaka zomwezo. Tsono taganizani munthu ali m'chipinda chotsekedwa, pansi pa madzi, fosholo ili m'manja, chifuwa chili pamtunda chifukwa cha kutentha. Madzi a mu boyila atentha kuposa a m'ketulo yanu, chifukwa apanikizidwa. Akangopeza mpata amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imatulukira pa khomo la ng'anjo limodzi ndi makala amoto, pomwe munthuyo waima. Sapsa khungu lokha. Akapuma kamodzi, wapsa ndi m'kati momwe.

Ndinaonapo zofanana nazo pang'ono, osati pa sitima, koma pa fakitale ina kumene anandiitana kukayeza boyila. Ndinapeza mapaipi angapo atatsekedwa ndi zitsekero zosula pamanja, ndipo pachitsulo chowagwira panali zigamba zowotcherera. Ndinafunsa kuti wachita izi ndani. Akuti mmisiri wina wodziwa, wotchipa, amabwera Loweruka. Ndinalemba kuti boyilayo izimitsidwe. Bwana wa pamenepo anandiyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, tingomaliza sizoniyi, tikonza." Sizoni inatha, ina n'kuyamba. Mnyamata amene ankasonkha motowo ali moyo, koma dzanja lake lamanja silitambasuka mpaka lero. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti ndinalemba lipoti labwino, ndinasaina, ndinapereka, n'kubwerera kwathu ndikudziona ngati ndagwira ntchito. Ndikanayenera kubwererako mwezi wotsatira.

Ndiye ndinene mosapsatira. Boyila ikayamba kudontha pansonga za mapaipi, ikukuuzani kuti chitsulo chatopa. Kutseka paipi imodzi kuti mufike pa doko, kapena mumalize tsikulo, n'kololedwa, ndipo ife tonse tinachitapo. Kutseka yachitatu, yachinayi, n'kumaitcha kukonza, ndi kupha munthu pang'onopang'ono. Wowotcherera mageti ndi mawindo si wowotcherera boyila, ngakhale atakhala waluso chotani, ndipo amene akuuzani kuti kuyeza ndi madzi opanikizidwa n'kutaya nthawi, muthamangitseni. Koposa zonse, valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka isamangidwe ndi waya kapena kukanikizidwa ndi chitsulo ati chifukwa ikusokosa. Kusokosako ndiyo ntchito yake.

Afalansa, ulemu wawo, sanaphimbe. Anakonza, n'kuyesanso mu October 1893, ndipo anapeza kuti injini sizikupereka mphamvu yolonjezedwa ndiponso maboyilawo ndi osalimba. Anawachotsa onse, kuika ena. Sitimayi inayamba ntchito pa 15 May 1895, pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri chiyambire kuimanga, ndipo ngakhale pamenepo liwiro lake linapereŵera pang'ono pa lija analifuna. Zaka zisanu ndi ziwiri m'nthawi imeneyo zinali zambiri. Maiko ena anali ataona nzeruyo n'kuyamba kumanga zawo, maboyila a mtundu watsopano anali atafika, ndipo Aube mwini wake anali atamwalira mu 1890. Inabadwa ili kale ndi imvi.

Za ntchito yake sindichedwapo, chifukwa sinamenye nkhondo imene anaimangira. Inali sitima yokaonetsa. Mu June 1895 inapita ku Kiel, ku Germany, limodzi ndi sitima zinzake Hoche ndi Surcouf pa mwambo wotsegulira ngalande ya Kaiser Wilhelm. Mu 1897 inaperekeza sitima ya Pothuau, imene inanyamula Pulezidenti Félix Faure kupita ku Russia. Inkagwedezeka kwambiri pa mafunde mpaka anaiika zipsepse zachitsulo m'munsi kuti idekhe. Kuyambira 1902 mpaka 1906 inali m'manja mwa amisiri ku Brest: maboyila 20 atsopano, a mtundu umene madzi ndiwo amadutsa m'mapaipi, ndi chumuni chachitatu. Mukaona chithunzi cha machumuni awiri ndiye chisanafike chaka cha 1902, cha atatu ndi cha pambuyo pake. Itatuluka, inkathamanga pang'ono kuposa kale? Ayi, liwiro linatsika kufika makilomita pafupifupi 34 pa ola. Zaka zinayi za ntchito, ndalama zankhaninkhani, sitima n'kutuluka yochedwerapo.

Anaitumiza ku Morocco mu 1908, ndipo kumeneko dzimbiri linaonekera poyera. Malata a thupi lake anali atadyeka, mapaipi a madzi akufuna kuphwasulidwa. Dzimbiri silidya pamene mumapenta chaka ndi chaka. Limadya kuseri kwa chitsulo chotetezera, pansi pa maboyila, m'tizipinda tating'ono momwe munthu salowa, ndipo sitimayi inali ndi malo otere ambirimbiri chifukwa cha mkanjo uja. Mu 1910 anaipumitsa, mu 1911 n'kuichotsa m'kaundula.

Apa ndiye pakubwera wogula. Dziko la Peru linamva mphekesera yoti Ecuador ikugula cruiser ya ku Italy yotchedwa Umbria. Mantha anawagwira, anathamangira ku France, n'kugwirizana mtengo wa mafranki 3 miliyoni, kulipira katatu, kuwonjezapo ndalama zoikonzera. Mu 1912 inapatsidwa dzina loti Comandante Aguirre, polemekeza Elías Aguirre msilikali wa ku Peru amene anafera pa sitima ya Huáscar pa nkhondo ya ku Angamos mu 1879. Koma Umbria ija inapita ku Haiti, osati ku Ecuador. Chidwi chinazilala, malipiro anaima, ndipo sitimayo sinafike ku Peru ngakhale tsiku limodzi. Inangokhala pa doko ku France ikudyeka, mpaka mu 1917 eni ake akale anaitenganso.

Ndimawakumbuka a ku Peru nthawi zonse munthu akandiimbira kuti wapeza boti kapena injini yakale yotchipa, ati ndipite ndikangoiona mawa chifukwa wina akuifunanso. Wina akuifunanso ameneyo kawirikawiri kulibe. Penti watsopano pa chombo chakale ndi chikomekome cha nkhuyu. Woyeza weniweni amapempha kuti chitulutsidwe m'madzi, amagogoda ndi hamala, amayeza kuchindikala kwa malata, amakwawa ndi tochi pansi pa injini, ndipo amakulipiritsani. Amene wangozungulira kamodzi, manja ali m'thumba, n'kunena kuti zili bwino bwana, ameneyo akudya kwa wogulitsa. Muzimuitana woyezayo musanapereke ndalama yoyamba, osati itatha kuperekedwa, chifukwa ikangotuluka mumayamba kudziteteza nokha kuti simunalakwitse.

Mapeto ake ndi omvetsa chisoni. Mu 1918, sitima za katundu zitasowa chifukwa cha nkhondo, kampani ya ku Belgium ya Lloyd Royal Belge inaigula n'kuisandutsa ya katundu ku Bordeaux. Anachotsa mizinga, chitsulo cha m'mbali ndi injini ziwiri, kusiya yapakati yokha, n'kuitcha Péruvier. Mu January 1920 inanyamuka ku Cardiff ndi malasha matani 5,000 kupita ku Rio de Janeiro. Isanapite patali inaima ku Falmouth kukonza injini. Pakati pa Atlantic injiniyo inafanso, ndipo sitima ina inaikokera ku Las Palmas, ina n'kuikoka kuchokera kumeneko mpaka ku Pernambuco, ku Brazil, kumene inafika mwezi wa June. Malasha akaunjikidwa malo otsekeka kwa miyezi amatentha okha, aliyense wosunga malasha amadziwa, ndipo aja anali atakhala m'mimba mwa sitimayo kuyambira January. Atafika anapeza akuyaka, ndipo panatenga masabata kuti moto uzime. Anaikoka mpaka ku Antwerp, ku Belgium, kumene inakhala osayendanso mpaka anaiphwasula mu 1923. Ulendo wake wa malonda unali umodzi womwewo.

Mukapeza chithunzi cha Péruvier, simudzaizindikira. Amisiri a ku Bordeaux anamanga kutsogolo kwina, kowongoka ngati kwa sitima ina iliyonse ya katundu, pamwamba pa mphuno ija. Mphunoyo inatsalira m'kati, yobisika, isanagundepo kanthu.