Ufa ulipo m'nyumba, koma mwana akungoonda

Kuno kuchigwa cha Shire munthu akayamba kuonda, anthu amaganiza za njala, HIV kapena TB, ndipo kawirikawiri amakhala akulondola. Nafenso kuchipatala timayamba ndi kuyeza zomwezo, kuphatikizapo shuga ndi njoka za m'mimba. Koma alipo ena amene zotsatira zawo zonse zimatuluka bwino, kwawo ufa ulipo, ndiwo zilipo, thupi lokha likutha. Ena mwa iwo amakhala ndi matenda a kadyedwe, omwe gwero lake lili m'maganizo.

Amene amaopsa kwambiri ndi anorexia nervosa. Wodwalayo amaopa kunenepa, ndipo akadziyang'ana pagalasi amadziona wonenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka. Amati "ndadya kale kwa anzanga", kapena amanyema nsima n'kuponyera galu mayi ake akatembenuka. Wodwala matenda ena otchedwa bulimia amadya chakudya chambiri mobisa, kenako n'kukadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Ameneyu savuta kubisala chifukwa thupi lake limaoneka labwinobwino. Matendawa amakonda kuyamba mwana akatha msinkhu, makamaka atsikana, koma anyamata nawo amadwala.

Ndikudziwa kuti kwa kholo limene linadyapo nyika, mizu ya zomera za m'madambo, m'chaka cha njala, mwana wokana nsima amaoneka wamwano kapena wolodzedwa. Si mwano ayi. Nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala nkhawa, matenda a kukhumudwa, kunyozedwa za thupi kusukulu, mwina nkhanza zimene mwanayo sanauzeko munthu. Zithunzi za pa TikTok ndi Facebook zimangowonjezera moto. Ndipo ubongo ukasowa chakudya, nkhawa ija imakula, maganizo amauma, kudya kumavutiravutira.

Thupi ndilo limalipira. Msambo umasiya, mafupa amafooka, tsitsi limathothoka, mtima umagunda pang'onopang'ono. Mukaona mtsikana wowonda atavala juzi masana a mu Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula, musaseke: thupi losowa chakudya limalephera kudzitenthetsa. Wodzisanzitsa mano ake amadyeka ndi asidi wa m'mimba, masaya amatupa, ndipo amataya madzi ndi mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira kuti ugunde bwino. Onjezanipo thukuta la kuno kwathu, munthu angathe kukomoka, mtima n'kuima. Mwa matenda onse a maganizo, anorexia ili m'gulu la amene amapha kwambiri, ndipo ena mwa omwalirawo amadzipha okha.

Njala yeniyeni nayo imasiya chipsera. Munthu amene anakhala masiku osadya, monga ambiri anachitira m'misasa namondwe Freddy atawomba mu 2023, nthawi zina chakudya chikapezeka amadya mosadziletsa mpaka m'mimba kupweteka, kenako n'kuchita manyazi. Zikamachitika sabata ndi sabata kwa miyezi, musamutche wadyera.

Za amayi oyembekezera odya dothi sindinena zambiri: kawirikawiri kumayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, ndipo kusikelo amayeza magazi n'kupereka mapiritsi.

Inu makolo, kukalipa ndi ndodo sizidyetsa mwana wotere, zimangomuphunzitsa kubisa bwino. Muzidya naye limodzi, mumufunse mofatsa chimene chikumuopsa, ndipo musiye kuyankhulapo za thupi lake, ngakhale kuyamikira kuti "wayamba kunenepa". Musamukakamizenso mbale yodzaza ngati wakhala nthawi yaitali osadya mokwanira. Chakudya chambiri mwadzidzidzi chimasokoneza michere ya m'magazi ndipo chingathe kupha. Timachiwonjezera pang'onopang'ono, tikumuyang'anira.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, mupemphe kalata yopita kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje kuti akaonane ndi a zaumoyo wa maganizo. Zikakula amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Kupemphera pempherani, koma akayamba kukomoka, kukana ndi madzi omwe, kapena kutchula zodzipha, mupite naye tsiku lomwelo.