Dzina likafanana sindiye kuti munthu ndi yemweyo

"Koma dzina lake ndi lomweli, bambo." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimagwira ntchito yolemba katalogi (mndandanda wa mabuku ndi olemba ake) mu laibulale, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi si kupukuta fumbi m'mashelefu monga ena amaganizira, koma kulekanitsa anthu amene makolo awo anawapatsa dzina limodzi. Wophunzira amabwera ndi pepala lomwe wakopera pa intaneti, mtolankhani amaimba foni nkhani yatsala pang'ono kutuluka, ndipo onse amakakamira mfundo imodzi: dzina lafanana, basi munthu ndi yemweyo. Ayi. Dzina limangokuuzani poyambira kufunsa. Munthuyo mumamupeza ndi chaka chimene anabadwa, ntchito yake, dziko lake ndi anthu amene ankagwira nawo ntchito.

Tengani Michael Jordan. Ambiri mukudziwa wosewera basketball wobadwa mu 1963, amene anatenga chikho cha NBA kasanu ndi kamodzi ndi timu ya Chicago Bulls. Palinso Michael B. Jordan, katswiri wa mafilimu wobadwa mu 1987. Wachitatu ndi Michael I. Jordan, wobadwa mu 1956, pulofesa wa ku University of California ku Berkeley, yemwe ophunzira masamu ndi makompyuta amawerenga zolemba zake padziko lonse. Chilembo chimodzi chapakati ndicho chimawalekanitsa papepala, ndipo n'chilembo chomwecho chimene olemba aulesi amayamba kutaya pofuna kufupikitsa mutu wa nkhani. Komabe atatuwa savuta. Palibe wanzeru zake angakhulupirire kuti wosewera mpira uja ankalemba za masamu akachoka pabwalo.

Vuto limayamba pamene anthu awiriwo ali m'ntchito imodzi. Ndamvapo anthu akutsutsana mpaka kukwiyirana ngati wosewera mpira Luis Suárez anapatapo mphotho ya Ballon d'Or. Anapata, mu 1960. Koma ameneyo ndi Luis Suárez wa ku Spain, wobadwa mu 1935, amene anamwalira mu 2023. Wa ku Uruguay, yemwe ambiri munamuonera pa wailesi yakanema, anabadwa mu 1987. Onse awiri anasewerapo ku Barcelona, n'chifukwa chake msampha wake umagwira anthu ambiri. Koma kungochotsera zaka kunali kokwanira: munthu angalandire bwanji mphotho zaka 27 asanabadwe? Mikangano yambiri imene imafika patebulo langa imathera pa masamu a sitandade 2 ngati amenewa, ndipo chimandinyansa n'chakuti obweretsa mkanganowo sanayese n'komwe.

Pali ina yomwe ndimavomereza kuti njovuta. Oimba jazz awiri ankatchedwa Bill Evans, ndipo onse anaimbapo m'gulu la Miles Davis, katswiri wa jazz woimba lipenga. Woyamba ankaimba piyano, anali naye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anamwalira mu 1980. Wachiwiri amaimba saxophone ndipo analowa m'gululo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Apa mtundu wa nyimbo sukuthandizani, dzina la mtsogoleri wa gulu silikuthandizani. Chida choimbira ndi chaka cha chimbale ndizo zimakupulumutsani. Timu ya England yomwe inapita ku World Cup ya 1986 ku Mexico inali ndi a Gary Stevens awiri, wina wa Everton wina wa Tottenham, obadwa motsatizana chaka chimodzi. Pamenepo ngakhale zaka zimangokuthandizani pang'ono, muyenera kufunsa kalabu. Ndipo amene mumakonda zithunzi zakale za mpira, samalani ndi za Olympics ya 1996 ku Atlanta. Wosewera wa Brazil amene wavala jezi yolembedwa "Ronaldinho" ndi Ronaldo Nazário, uja anadzagoletsa zigoli ziwiri pa fainolo ya World Cup ya 2002. M'timumo munali Ronaldo wina wamkulupo, ndiye wamng'onoyo anamupatsa dzina lochepetsa. Ronaldinho amene mukumudziwa inu, wobadwa mu 1980, nthawi imeneyo anali mnyamata wa zaka 16.

Mayina ochokera m'zilembo zina amawonjezera chisokonezo china. Mayina angapo a Chitchaina amene kwawo amalembedwa mosiyana amatha kufanana akangolembedwa m'zilembo zathuzi. Ena amafanana ngakhale m'zilembo za kwawo komweko: Li Na amene anapambana tenisi pa French Open mu 2011 si Li Na amene anapata mendulo yagolide pa masewero odumphira m'madzi ku Sydney mu 2000.

Anthu otchuka ena anaona vutoli msanga n'kulikonza okha. Mu 1899 Winston Churchill wa ku Britain analembera kalata Winston Churchill wa ku America, wolemba mabuku a nthano amene nthawiyo ankagulidwa kwambiri, ndipo anagwirizana kuti wa ku Britain aziwonjezera dzina la Spencer pa mabuku ake. Woimba David Bowie anabadwa David Jones, ndipo anasintha dzina poopa kusokonezedwa ndi Davy Jones wa gulu la The Monkees. Michael Keaton wa mafilimu dzina lake lobadwa nalo ndi Michael Douglas, lomwe linali kale la katswiri wina wa mafilimu. Anthuwa sanadikire kuti dziko liwasokoneze kaye.

Ife m'malaibulale njira yathu ndi yosasangalatsa koma imagwira ntchito. Dzina lililonse timalimangirira ku zaka. Timalemba "Bacon, Francis, 1561-1626" kwa wafilosofi wa ku England, ndi "Bacon, Francis, 1909-1992" kwa wojambula zithunzi wobadwira ku Dublin. Mukaona manambala amenewo pambuyo pa dzina, si zokongoletsa, ndipo musawadule pokopera. Kwa ochita kafukufuku kuli nambala ya ORCID, yomwe inayamba mu 2012. Ili ndi manambala 16, imakhala ya munthu mmodzi yekha moyo wake wonse ngakhale atasintha dzina pokwatiwa kapena kusamuka yunivesite, ndipo kulembetsa kwake n'kwaulere. Ndikubwereza: n'kwaulere.

Amene amati "zikonzeka zokha" ndimawakumbutsa za Seneca. Ku Roma kunali bambo ndi mwana wake, onse a Seneca. Bamboyo analemba za luso lolankhula pagulu. Mwanayo anali wafilosofi, mlangizi wa mfumu Nero, ndipo anafa m'chaka cha 65. Kwa zaka mazana ambiri okopera mabuku ku Ulaya ankawatenga ngati munthu mmodzi, mpaka akatswiri a m'zaka za m'ma 1500 anawalekanitsa. Cholakwa chikalowa m'buku limodzi, wokopera wachiwiri amachitenga ngati choonadi, wachitatu n'kuloza kwa wachiwiriyo ngati umboni. Kale zinkatenga zaka kuti chifalikire. Lero makompyuta amakoperana usiku umodzi.

Nkhani imene imandivutitsabe mumtima si ya munthu wotchuka. Ndi ya mayi wina wochita kafukufuku wa zaumoyo, amene anabwera kwa ine mochedwa. Dzina la bambo awo ndi chilembo choyamba cha dzina lawo zinkafanana ndi za munthu wina wa dziko lina, wogwiranso ntchito za zaumoyo. Mnzawo wadzinayo anagwidwa atapeka zotsatira za kafukufuku, ndipo magazini ina ya sayansi inachotsa pepala lake. Malo ena a pa intaneti osonkhanitsa zolemba za akatswiri anaphatikiza anthu awiriwa pa tsamba limodzi. Sanachite zimenezi munthu. Ndi pulogalamu ya kompyuta imene inaona dzina lofanana ndi nkhani zofanana, n'kumata. Choncho pansi pa dzina la mayiwa, pakati pa mapepala awo enieni, panali pepala lachinyengo lija ndi chizindikiro chake chosonyeza kuti linachotsedwa.

Mayiwa anaziona msanga ndithu. Anangoti, "Ondidziwa akudziwa kuti si ine." Zoona. Koma amene amasankha woti apatsidwe ndalama za kafukufuku si okudziwani. Amakhala ndi mulu wa makalata, nthawi yochepa, ndipo amangolemba dzina lanu pa kompyuta n'kuona chomwe chatuluka. Palibe amene anawaimbira foni kuwafunsa. Palibe amene anawauza chifukwa chowakanira. Anadzamva patapita zaka, kudzera kwa munthu amene anali m'komitiyo, atakumana naye pa msonkhano wina. Chimandipweteka n'chakuti pa nkhani yonseyi palibe amene anawanamizira dala, palibe woti mungamutengere kukhoti. Aliyense anangokhulupirira dzina.

Atamva, m'malo mopita kwa eni malowo, anapita kwa munthu wina wa pa intaneti amene ankalonjeza "kuyeretsa dzina" akalipidwa. Iye analandira ndalama, n'kutsegula masamba atsopano angapo m'dzina la mayiwa, odzaza ndi mbiri yokopera pa tsamba lolakwika lomwe lija. Tsopano bodzalo linali ndi mboni zambiri kuposa poyamba. Atafika kwa ine, kukonza katalogi yathu sikunatenge nthawi. Kulondola malo ena onse amene anali atakopera kunatenga miyezi, ndipo ena sanayankhe n'komwe. Ndalama za kafukufuku zija zinali zitapita kale kwa ena. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye mundimvetse ndikamakalipa. Aliyense wokuuzani kuti angafufute dzina lanu pa intaneti yonse mukamulipira ndi wakuba. Alibe makiyi a malo amenewo. Amene angakonze ndi eni ake a katalogiyo kapena a tsambalo, ndipo malaibulale, magazini a sayansi ndi malo ogulitsira nyimbo ali ndi njira yolandirira madandaulo otere. Alembereni nokha. Musangoti "si ine". Tchulani ntchito zomwe ndi zanu, zomwe si zanu, kumene munkagwira ntchito m'zaka zimenezo, ndi nambala yanu ya ORCID ngati muli nayo. Oimba, izi zikukukhudzaninso. Nyimbo yanu ikalowa pa tsamba la mnzanu wadzina, omvera anu amapita kwa iye, ndipo kulondola ndalama zake pambuyo pake ndi ntchito yowawa kuposa kukonza tsambalo sabata yoyamba.

Mapulogalamu a AI amene anthu akuwafunsa chilichonse masiku ano awonjezera ntchito patebulo langa. Mukawafunsa za munthu amene si wotchuka kwambiri, amatha kutenga chaka chobadwa cha uyu, mphotho ya uyo, yunivesite ya winanso, n'kuluka mbiri imodzi yosalala bwino, yopanda chizindikiro chilichonse cha kukayika. Kusalala kumeneko ndiko kumapusitsa anthu. Wophunzira akandibweretsera mbiri yotere ndimamufunsa funso limodzi: chaka chobadwa wachiona kuti, kupatula pamenepo? Ambiri amangondiyang'ana.

Ndipo inu olemba nkhani za maliro, chonde. Munthu wotchuka akamwalira musatenge chithunzi choyamba chimene Google yakupatsani. Steve McQueen wa mafilimu a ku America anamwalira mu 1980. Steve McQueen wa ku London, wobadwa mu 1969, ndi wotsogolera mafilimu, munthu winawina. John Williams wopeka nyimbo za m'mafilimu si John Williams woimba gitala wobadwira ku Australia. Tsiku limene mmodzi wa anthu otere adzamwalire, pali nyuzi ina imene idzaike nkhope ya wamoyo, ndipo abale ake adzalandira mauthenga a chipepeso iye ali pa khonde. Musanasindikize, yang'anani kumene chithunzicho chinajambulidwa ndi chaka chake, kenako muyerekeze ndi zaka za womwalirayo.